Dothi la M'damu Loyamba

Ntchito ya Tenson pa mgodi wa golide wa ku Bundabunda inali yoti ngakhale galu akanaikana. Madzi onse otsukira miyala ankatsikira kwa iye, ofiirira, olemera, onunkha dizilo. Ankawalandira m'damu loyamba n'kuthiramo laimu ndi ufa wina woyera wothandiza matope kumira msanga. Akadikha ankawatsegulira m'damu lachiwiri, kenako lachitatu, kumene ankatuluka mbee ngati osalakwa, n'kubwerera ku makina. Nyansi zonse zinkatsalira pansi pa damu loyamba.

Tikati nyansi sitikunena zamasewera. Munkalowa mekyule, mankhwala onyezimira aja ogwirira golide m'mabeseni. Munkalowa oilo wa pampu. Chimbudzi cha pamgodi chinadzaza kalekale, ndiye amuna akuluakulu, a ndevu zawo, ankangonyonyomala m'ngalande yopita kudamu, manyazi ataiwala kunyumba. Tsiku lina Tenson anavuulamo mbuzi yotupa. Bwana anangoti, "Katayeni kutali," n'kukweza galasi la galimoto.

Damu likadzaza, Tenson ankaliphwetsa n'kuwola matopewo ndi fosholo, kuwaunjika pambali. Dzuwa likawomba ankauma n'kung'ambika zibenthuzibenthu, zotuwa, zosalala, zopanda ndi kamchenga komwe. Iye ankanyansidwa nazo moti ankalavula akaziyang'ana.

Ankapirira chifukwa cha Dailes, mkazi wake. Dailes anali atapita padera kawiri, ndipo mimba yachitatuyi inali itakula mpaka kuonekera. Tenson anali nayo mantha mimbayo. Sankalola kuti mkaziyo akhudze ovolosi yake. Akaweruka ankasamba kuseri ndi sopo wakewake, jombo n'kuzipachika mumtengo wa mango, kuti fumbi la kudamu lisaponde pakhomo. Anzake ankamuseka kuti wasanduka nesi.

Mimbayo itangoyamba kumene, kunabwera Clotilda, mayi wa pamsika, mnzake wa Dailes wa kukwaya, akukankha wilibala, mano onse panja.

"Ba Tenson, nipaseniko matope aya. Nifuna kukazira nyumba."

"Tengani, muniphunguzileko nchito. Koma mukasambe m'manja bwinobwino, ni zoipa izi."

Anatenga. Anabweranso, anabweranso. Tenson anadabwapo kuti ndi nyumba yanji yozira kosalekeza, kaya ndi tchalitchi. Koma msana unkamuwawa, ndipo wilibala iliyonse yochoka inali mpumulo. Sanafunse.

Tsiku lina pampu inafa masana, onse anauzidwa kuti azipita. Tenson anasamba, anapachika jombo, n'kupeza Dailes pamphasa pamthunzi akusenda mtedza, kukamwa kukuyenda. Pamiyendo pake panali kapepala ka pulasitiki, muli dothi. Zoti amayi oyembekezera amalakalaka dothi sizinali zachilendo kwa iye. Alongo ake ankamaliza zulu za kumunda. Tenson anaseka.

"Wayamba kulimbana na chiswe?"

"Iyi si ya pachulu iyai," anatero Dailes. "Lawani muone."

Anamupatsa kachibenthu. Kanali kotuwa, kosalala, kowauka pang'ono. M'mbali mwake munali timizere topyapyala tosanjikizana, momwe matope amakhalira pansi pa damu tsiku ndi tsiku. Tenson anakanunkhiza. Kuseri kwa utsi ndi mchere kunali kafungo kaja ka dizilo. Atakatembenuza anaona pamwamba pake padindidwa mano a pansi pa jombo.

M'maganizo anaona mbuzi ija. Anaona ngalande ija, ndi ntchentche zake. Malovu owawa anadzaza m'kamwa, ndipo anachita kugwira mtengo kuti asasanze pamaso pa mkazi wake.

"Wazitenga kuti?"

"Kwa ba Clotilda. Amawotcha, n'kuwaza tumchere. Ku sikelo azimai onse ndiye yamene tikudya, ilibe mchenga, imasungunuka chabe." Dailes anamwetulira monyada. "Anzanga amagula, koma ine amanipasa mahala. Akuti ndimwe munthu wabwino maningi."

Munthu wabwino. Tenson anakalakalaka kakamwa ka Clotilda kaja, koimba aleluya Lamlungu, kuti akathire fosholo yodzaza. Koma mseru waukulu unali wa manja ake omwe, amene nthawi zina ankathandiza kupakira wilibalayo.

"Unayamba liti?" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Chiyambire mimba iyi. Nikapanda kudya nimasanza. Nanga n'chani, ba Tenson? Mwatuwa."

Tenson anayang'ana jombo zake zili lende mumtengo, kutali ndi khomo, ndi sopo wake ali payekha pamwala. Anagwada pamphasa, mtedza n'kumwazika, anatchera dzanja pansi pa chibwano cha mkazi wake.

"Lavula, Dailes. Lavula apa."

Dailes anamuyang'ana modabwa, dzanja lina lili pamimba. Anayasama. Lilime linali lotuwa mpaka kukhosi.

"Nameza kale," anatero.