Ndinagula 500, Kompyuta Ikuti 128

Wokonza makompyuta wa kunsi kwa masitepe uja ali nane ngongole, ndipo akudziwa. Si ya ndalama ayi. Ndi ya malo.

Mwana wanga wamkazi amajambula mavidiyo a maukwati. Amawakonzera pa kompyuta imene anasiya malemu bambo ake, chibokosi chotuwa cholira ngati chigayo. Pakhomo timadyera pomwepo. Sabata yatha chinadzaza, vidiyo ya eni ake ikadali m'kamera, Loweruka akubwera kudzatenga.

"Amayi, pakufunika disiki yaikulu, mosungira zinthu muja," anatero mwana.

Ndinapita ndekha kwa wokonza uja, chifukwa mwanayu akamva mtengo amangoti zikomo. Ndinanenerera mpaka munthu anatuluka thukuta. Pa disikipo analemba 500. Sukulu ndinalekera panjira, koma nambala sindiphonya.

Kunyumba mwana anaimanga m'kompyutamo, n'kuyatsa. Kompyuta ikuti 128. Anazimitsa, kuyatsanso. 128 yomweyo.

"Ikwana vidiyoyo?"

"Ndi zakale zonsezi, siikwana amayi."

Ndinakulunga chibokosicho m'nsalu, kusenza, mwana pambuyo ndi zingwe. Wokonza uja tinampeza akudya, timisomali ta makompyuta tili mbwee pathebulo. Ndinatula pa mbale pake penipeni.

"Achimwene, ndinagula 500. Mwandipatsa 128. Zotsalazo mwasungira akazi anu?"

"Pepani mayi, khalani kaye pansi."

"Sindinabwerere mpando."

Anatsegula chibokosi, fumbi kuti fuu. Anasuzumira n'kuyamba kuseka. "Mayi, iyitu ndi gogo. Disiki ilibe mlandu, malo onse alimo. Koma kompyutayi anaipanga kale, madisiki akadali aang'ono. Imawerenga kufika pa 128 basi, kupitirira apo mutu umaima."

"Nanga pogulitsa simunanene bwanji?"

"Ndinakufunsani kuti kompyuta yanu ndi yamtundu wanji. Munati yotuwa."

"Ndinanama? Si yotuwa iyi?"

Mwana anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ndinamuponyera diso, anasiya.

Wokonza uja anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, aiphunzitse kuwerenga mwatsopano, alembe pulogalamu ina m'kati mwa ubongo wake. Imeneyo yaulere. "Koma magetsi akangothima ndili pakati, yafa. Osadzukanso."

Ndinayang'ana babu la m'shopumo. Linali likuphethira ngati munthu wa tulo.

"Mukufuna mundiphere kompyuta mwaulere? Yachiwiri."

Anatulutsa kakhadi kobiriwira m'kabati, kotalika ngati chikhatho. Akuti kameneka ukakalowetsa m'kati, disiki imalumikizidwa pa iko, ndiye kamaiwerengera gogoyo. Anatchula mtengo. Ndinakhala pansi tsopano, pampando wa makasitomala, n'kuvula nsapato.

"Ndilipire kawiri chinthu chimodzi? Ine pano sindichoka. Aliyense wolowa ndimuuza kuti kuno amagulitsa thumba lodzaza, kunyumba ukapeza kota."

Analowa bambo wina atanyamula laputopu. Ndinangoti, "Bambo, muwerengeretu." Anabwerera pakhomo pomwepo.

"Mayi, mukundithamangitsira anthu!"

"Ndiye fulumirani."

Tinakokanakokana mpaka tinagwirizana: iye atenge disiki yaing'ono yakale ya m'kompyutamo, mwana akasamutsa zinthu zake, ife titenge kakhadi. Anamanga akung'ung'udza, kulowetsa pulogalamu yake ya kakhadiko, kuzimitsa, kuyatsa. Chigayo chinalira. Mwana anaweramira pa sikirini.

"Yaona, amayi! Yaona yonse!"

Ndinavala nsapato n'kuyandikira. Ndinawerenga ndekha ndi chala: 465.

"Achimwene. 35 ili kuti?"

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. Akuti opanga madisiki amawerenga mwawo, kompyuta imawerenganso mwake, ndiye nambala zimasiyana, paliponse zili choncho, ngakhale mutagula kwa ndani.

"Ndiye kagwireni opangawo. Ine ndinagula kwa inu."

"Amayi, tiyeni," mwana akundikoka mkono. "Maukwati khumi alowa umu. Loweruka ndi mkuja."

"Iwe khala chete, ndi chifukwa chake amakudyera. Achimwene, 35 yanga."

Anatseka chibokosi, kumanga timisomali tonse, n'kuchikankhira kwa ine. Anatenga mbale yake ija, chakudya chitazizira kale.

"Mayi, kakhadi mwatenga, kasitomala mwandithamangitsira. 35 imeneyo sindikupatsani lero, mawa, ngakhale tsiku la maliro anga. Chitseko ndi icho."