Funso la a Pell

A Morton Kalinde anagonekedwa m'chipatala chachikulu cha ku Edmonton, dera la mu London, kumapeto kwa June 2007, atagwa pa masitepe a fulati yawo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anali ndi zaka 72. Ku London anafika mu 1969, kuthawa ku Zomba komwe ankagwira ntchito m'boma, mnzawo atawanong'oneza kuti apolisi akuwafuna. Akazi awo, mayi Ivy, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Esnat, ankaphunzitsa ku Dundee, ku Scotland. Pa nthawi yoona odwala, mpando wa pambali pa bedi lawo unkabwerekedwa ndi alendo a anthu ena.

Pa bedi loyandikana nalo, kumanzere kwawo, panagona mzungu wina, a Adrian Pell, amene moyo wawo wonse anayendetsa sitima ya pamtunda. Ankadwala mapapo, koma pakamwa sipankatseka. Sabata yomweyo dziko linali litangolandira nduna yaikulu yatsopano, munthu wa ku Scotland, ndipo nkhaniyo inkawatentha mtima.

"Tamverani, Morton," anatero m'Chingerezi tsiku lachiwiri, osafunsa n'komwe ngati mnzawoyo akufuna kumva. "Asikoti ali ndi nyumba yawoyawo ya malamulo. Za zipatala zawo ndi masukulu awo amagamula okha, phungu wanga alibe mawu kumeneko. Koma munthu amene anasankhidwa kumeneko ndiye azigamula za bedi ndagonali. Akalakwitsa, omwe anamuvotera siziwakhudza, ndipo ine sindingamuchotse. Chilungamo chimenecho?"

A Kalinde anali atatha miyezi osatsutsana ndi munthu. Anadzimva okha akuyankha mokweza.

"Dziko ndi limodzi. Inu Angerezi mwalamula Asikoti zaka mazana angati? Lero kwabwera wawo mmodzi, mwayamba kulira."

"Sindikudana ndi kwawo kwa munthuyo ayi."

"Aliyense amayamba choncho. Kwathu ndinaziona zimenezi. Anthu akayamba kufunsa kuti uyu kwawo n'kuti, amayambira pa mtsogoleri, n'kudzathera pa mphunzitsi ndi kalaliki."

A Pell anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati, "Simunayankhe funso langa."

Anakangana choncho masiku asanu ndi anayi. Ankayamba akangomwa tiyi wa m'mawa, n'kulekeza madokotala akamadutsa, n'kudzayambiranso pomwe analekezera. Namwino wa ku Zambia, Chileshe, ankati akamawayeza a Kalinde amaseka. "Ba tate, BP yanu yakwera futi. Muziwasiya chabe akambe okha." Koma iye yemweyo anaona kuti nkhalamba ija, yomwe masiku oyamba inkabweza chakudya, tsopano inkamaliza mbale.

Lachisanu lina Esnat anaimba. A Kalinde ankalankhula Chichewa, iye n'kumayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. Esnat anati masitepe aja sadzawathanso, asamukire ku Dundee. Kumeneko boma limatumiza anthu odzasambitsa ndi kuveka okalamba kunyumba popanda kulipira. "Dad, please. Ganizirani," anamaliza, mawu amodzi okhawo a Chichewa.

Atawauza a Pell, mzunguyo anaseka mpaka namwino anathamangira kudzawaika chopumira. "Mwaona? Dziko limodzi lija ndi limenelo!"

Madzulo a tsikulo a Kalinde anakumbukira za ku Zomba. Chimene chinawathawitsa kwawo chinali chakuti munthu wolamulira moyo wawo analibe pomufikira, analibe pomuchotsera. Ankadziwa kuti za kuno n'zosiyana kutali, palibe amene akanamangidwa chifukwa cha nkhani imeneyi. Komabe funso la mzunguyo linali ndi fupa, ndipo anamuuza choncho.

M'mawa mwake a Pell anatulutsa pepala m'kabati. Anali m'kagulu kofuna kuti England nayo ikhale ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo ankasonkhanitsa mayina. Pamwamba panalembedwa kuti, "Ife Angerezi."

"Ineyo ndine Mngerezi?" anafunsa a Kalinde.

A Pell anawayang'ana. "Mwakhala kuno zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu."

"Akazi anu agona kuti?"

"Konkuno."

"Ndiye mukudwala kuno, mudzafera kuno. Kwa ine zakwana."

"Kwa inu. Nanga kwa anzanuwo?"

"Bwerani mudzawafunse nokha. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi, masana. Ndikulemberani malo ake."

A Kalinde sanasaine. Anati aganiza kaye. Patapita masiku awiri anawasamutsira kumalo ena kophunzirira kuyendanso, ndipo pomwe ankawakankha pa njinga ya odwala, a Pell anali mtulo. Sanawadzutse, poganiza kuti adzaonana. Analibe nambala yawo.

Ku fulati anabwerera mu August. Esnat anakhala nawo sabata imodzi, anadzaza firiji, anamangitsa chogwirira m'bafa, n'kubwerera ku ntchito atakhumudwa kuti bambo ake sananene kuti inde. Masiku anabwerera mwakale. Ankatsegula wailesi, akamva za Scotland n'kuyamba kuyankha, kenaka n'kuzindikira kuti akulankhula ndi khoma.

Loweruka loyamba la September anavala jekete, anatenga ndodo, n'kukwera basi. Msonkhanowo unali m'chipinda cha kuseri kwa bala ina. Munali anthu khumi ndi anayi, onse azungu, ambiri a imvi. Bambo wina pakhomo anawauza mwaulemu kuti zimbudzi zili mbali inayo.

"Ndabwera kumsonkhano. Anandiitana a Adrian Pell."

Mayi amene ankatsogolera, Stephanie, anadzuka n'kuwagwira mkono. A Pell anali atamwalira kumapeto kwa July. Mtembo unatenthedwa, ndipo mwana wawo anatenga phulusa kupita nalo kwawo kumpoto.

Anawapatsa mpando. Anamva theka lokha la zomwe zinkakambidwa. Pamapeto pepala lija linayenda, ndipo litafika pa iwo anaimirira movutikira.

"A Pell anali ndi funso labwino, ndipo ine ndinalephera kuliyankha," anatero. "Koma nanenso ndili nalo langa. Apa mwalemba kuti Angerezi. Bwanji osalemba kuti anthu okhala mu England? Mukatero ndisaina lero."

Stephanie anati mapepala anasindikizidwa kale, zikwi zingapo, koma akaifikitsa nkhaniyo kwa akuluakulu. Mayi wina anagwedeza mutu kuvomereza. Bambo wa pakhomo uja anati, osayang'ana aliyense, "Tikasintha mawu amenewo, ndiye tatsala ndi chiyani?" Palibe anamudzudzula. A Kalinde anapereka pepalalo kwa woyandikana naye. Anamwa tiyi amene anawapatsa, anathokoza, n'kutuluka.

Pa siteji ya basi anazindikira kuti akulira, ndipo zinawadabwitsa. Munthuyo anamudziwa masabata awiri osakwana, ndipo sankadziwa ngakhale dzina la mkazi wake.

Lolemba anakhala patebulo n'kulembera kalata phungu wa dera lawo. Analemba pamanja, masamba atatu. Anafotokoza funso la a Pell monga mwini wake ankalinenera, osachotsapo kanthu, kenaka anawonjeza mantha awo, kuti funso loona likagwera m'manja olakwika limasanduka chothamangitsira anthu. Anapempha kuti phunguyo awauze njira yoyankhira loyambalo popanda kutsegulira khomo chachiwiricho. Pansi anasaina kuti Morton Kalinde, wa ku Edmonton.

Yankho linafika mu October, masamba a mitengo atayamba kugwa. Linali la ndime ziwiri. Linati nkhaniyo ndi yofunika, kuti phungu aliyense wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse ali ndi mphamvu zofanana, ndiponso kuti zokambirana zikupitirira. A Kalinde analiwerenga ataimirira pakhomo, analiwerenganso atakhala pansi. M'ndime yachiwiri anapezamo pofooka, poti munthu wakuthwa akanapaboola ndi chiganizo chimodzi. Anatembenukira kumanzere, pakamwa atatsegula kale. Kunali windo, ndi basi ikudutsa mumsewu.