Kiliti ya Bambo Hector pa Doko la Oban

"Mwaba! Inu bambo inu, chimene mwavalacho mwaba!"

Kirsteen anali ataponya kale pansi thumba la maluwa a ukwati wake, chala chili pamimba pa mlendo amene ankadya tchipisi pa doko la Oban. Mlendoyo, bambo wamfupi wa magalasi, chola chachikulu kumsana, anacheuka kuti mwina akunena wina. Koma pa doko ponse panalibe mwamuna winanso wovala kiliti.

"Pepani chemwali, mukunena ine?"

"Nanga ndani? Kiliti imeneyi ndi ya bambo anga!"

Akanaivala bwino, Kirsteen akanangodutsa. Alendo ovala siketi ya amunayi amadzaza Oban chilimwe chilichonse, mawondo ali gwagwagwa ndi mphepo. Koma uyu anaivala chotembenuza. Mbali yopindapinda, imene ngakhale mwana amadziwa kuti imakhala kumbuyo, iye anaiika kutsogolo. Ndipo pamenepo panali chigamba chija, pamene bambo ake, bambo Hector, anakhalira kaliwo wamoto pa gule wa chaka chatsopano. Malemu mayi a Kirsteen anasokapo ndi ulusi wobiriwira mopitirira, poti kwawo, pachilumba cha Barra, panalibe wina.

Ukwati unali Loweruka likubweralo. Bambo Hector, chiwagwireni matenda ofa ziwalo, sankayankhula zambiri, koma chimodzi anachinena momveka: mwana wawo adzamulowetsa m'tchalitchi atavala kiliti yawo. Kirsteen anaifuna m'nyumba monse, mpaka kudenga. Mchimwene wake wamkulu, Murdo, ndiye anati inadyedwa ndi njenjete, anaitaya. Atawauza bambowo zokabwereka ina, anatembenukira kukhoma.

"Yobwereka? Ndine mlendo ine? Pitani nokha."

Tsopano kiliti yodyedwa ndi njenjeteyo inali apa, yathunthu, ikudonthezeredwa mafuta a tchipisi.

Anthu anayamba kuunjikana. Wantchito wina wa pa doko, chingwe chili paphewa, anafuula:

"Akulu, mwavala chammbuyo! Kapena mutu ndi umene unakhala molakwika?"

"Asiyeni," anatero mnzake, "akamapita azioneka ngati akubwera."

Kunali phwete. Mlendo uja anayang'ana pansi, nagwira mapindo aja ndi manja onse awiri ngati wina akufuna kumuvula. Tchipisi chinakhuthuka, mbalame za m'nyanja n'kuchitera. Sitima ya ku chilumba cha Mull, imene mlendoyo ankadikira, inaliza hutala.

"Ine ndine Nuwan," anatero. "Ndachokera ku Sri Lanka. Kwathu amuna timavala nsalu tsiku ndi tsiku, ndipo mapindo amakhala kutsogolo. Ndimayesa kunonso n'chimodzimodzi. Koma kuba ayi, chemwali. Sindinabepo ine."

"Ndiye mwaitenga kuti?"

"Ndagula dzulo, m'sitolo ya kaunjika kumtunda uko. Usiku wonse yagona pampando kuti isakwinyike. Ndimafuna chithunzi chimodzi chokha m'sitima, ana anga akaseke."

"Anakaisiya kumeneko ndani?"

"Sindidziwa dzina. Mayi wa m'sitoloyo anati ndi bambo wamtali, wa ndevu zofiira. Anabwera nayo pamodzi ndi nsapato ndi mbedza za nsomba. Ine ndinafunsa, chifukwa chovala cha munthu sungangochivala. Anati ndisadandaule, mwini wake anamwalira. Mwana wake ndiye ananena."

Kirsteen anatembenukira kumene kunali mzere wa magalimoto odikira sitima ya ku Barra. Galimoto yoyera ya Murdo inali pomwepo, ndevu zofiira zikuonekera pawindo. Pambali pake panakhala bambo Hector, amene anangowatulutsa kumene m'chipatala, atavala buluku lotuwa lowakulira.

"Mwini wake ndi uyo," anatero Kirsteen, akuloza. "Ali moyo, akupuma. Mwamuona?"

Nuwan anavula magalasi, nawavalanso.

"Ndiye azivula pompano, tione!" anatero wachingwe uja.

"Iwe Dougal, tseka pakamwa!" Kirsteen anamulumphira. "Munthuyu wagula ngati munthu, wafunsa ngati munthu. Iwe pa ukwati wa mlongo wako unavala kiliti pamwamba pa kabudula wampira, tonse tinaona. Useke ndani?"

Anthu anasekanso, koma ulendo uno Dougal ndiye anapeza chochita ndi chingwe chake. Kirsteen anatembenukira kwa mlendo uja.

"Ndakutchulani wakuba pagulu. Pepani bambo. Koma kilitiyi ndikuifuna Loweruka, ndipo sindikudziwa kuti ndikupempheni bwanji."

Hutala inaliranso. Anthu opita ku Mull anayamba kuthamangira pa mlatho wokwerera sitima, mawilo a masutikesi ali kwekwerekwe. Nuwan anayang'ana sitima, nayang'ana nkhalamba ya m'galimoto ija. Kenako anatula chola chake, napisa dzanja mpaka pansi, natulutsa nsalu yakwawo ya mizere yabuluu. Anaizungulitsa m'chiuno pamwamba pa kiliti, naipinda kutsogolo mwachangu ngati munthu wotseka chitseko cha nyumba yake. Manja analowa mkati, malamba achikopa anamasuka, kiliti ija n'kutsikira kumapazi. Palibe anaona ngakhale bondo.

Anaitola, naikung'untha, naipereka ndi manja awiri.

"Yolemera," anatero. "Bambo anu ndi amphamvu."

"Dikirani! Amene anagulitsa akubwezereni zanu!"

Koma Nuwan anali akuthamanga kale, nsalu ikukupiza, chola chikumumenya msana. Analowa m'sitima womalizira.

Kirsteen sanatole maluwa aja. Anadutsa pakati pa magalimoto, kiliti ili pamkono, ikadali yofunda ndi thupi la munthu wina. Anamenya windo ndi chikhatho. Murdo anatsitsa galasi akutafuna, ndipo ataona chigamba chobiriwira chija analeka kutafuna.

"Kirsteen, tikambirane kunyumba."

"Njenjete zake ndi zimenezi, achimwene? Za ndevu?"

"Anthu akuona, iwe."

"Aone! Mlendo wachita manyazi pano chifukwa cha inu."

Bambo Hector anatambasula dzanja lawo lamoyo, pang'onopang'ono, mpaka zala zinafika pa ulusi wa malemu akazi awo. Kenako anatembenuza maso kuyang'ana mwana wawo wamwamuna.

Magalimoto akumbuyo anayamba kuliza mahutala, mzere utayamba kuyenda. Kirsteen anaima kutsogolo kwa galimotoyo, manja onse pa boneti.

"Siisuntha iyi. Ku sitolo munakanena kuti mwini wake anamwalira. Ndi awa ali pambali panuwa, akumva. Auzeni, achimwene, anamwalira liti? Yankhani!"