Chidede cha a Hajji Mahrous

Ndagi! Mlendo wanga sagogoda, sapereka moni, amagona m'nyumba mwako zaka ali phee, koma tsiku lotsanzika amanyamula khoma limodzi. Ndani ameneyo? Musakande mitu, ana inu, mungathothole tsitsi. Ndi kuthamanga kwa magazi.

Mlendo ameneyu anafikira kwa a Shehata, osita zovala a mumsewu wathu kuno ku Esna. Bambo wa ana aakazi okhaokha, chuma chawo chonse chinali mkono wamanja wogwira simbi ndi pakamwa popemerera madzi pa mikanjo. Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, mayi Nagat, atawapima anawauza kuti azimwa kapilitsi kamodzi m'mawa uliwonse, kaya akumva bwino kaya ayi, mpaka Mulungu adzawaitane. Akazi awo, a Fathiya, ankawaikira pambali pa tiyi, bambo n'kumameza akudandaula ngati mbuzi yokokeredwa kumsika.

Tsoka linachokera komwera khofi, kumene amuna athu amakasiya nzeru posewera madomino. Mwini pakamwa kumeneko anali a Hajji Mahrous, ogulitsa chidede chouma pamsika. Iwo ankadzimenya pachifuwa kuti matenda omwewo anawagonjetsa kalekale ndi chidede chozizira, ndipo kuchipatala anasiya kupondako.

"Taonani khosili, ngati la ng'ombe yamphongo," ankatero. "Iwe Shehata, mkazi akukumwetsa mankhwala ngati nkhuku ya chitopa, ndevu zonsezo?"

Amuna anaseka, ndipo kuseka kwa amuna anzako kumawawa kuposa jekeseni. A Shehata anadzimvetsera: mutu sukupweteka, chizungulire palibe. Anayamba kuponya mapilitsi m'ngalande, n'kumagula chidede kwa a Hajji.

A Fathiya atazindikira anakanena kuchipatala. Mayi Nagat anadzera pamalo ositirapo poweruka, nauza a Shehata kuti chidede amwe mmene angafunire, koma sichilowa m'malo mwa mankhwala, komanso kuti nthendayi siwawa, imangodikira. A Shehata anayankha mwaulemu, maso ali pa simbi, kuti a Hajji anafika ku Maka, pamene mayiwo anangofika kusukulu.

Kenaka chinafika chikondwerero chathu cha chaka ndi chaka chimene timadya nsomba zamchere ndi anyezi mpaka milomo kusweka. A Shehata anadya ngati alibe mawa. M'mawa mwake akusita mkanjo wa mkwati, anamwa madzi kuti apemerere, madziwo n'kungotsikira kuchibwano. Simbi inagwa. Iwonso anaitsatira.

Ndikanakonda kukunamizani kuti anachira, poti kunama ndimatha, koma ayi. Mbali yamanja inafa. Pano amakhala pakhomo, mkono uli lende, mawu akutuluka ngati phala. Simbi anagulitsa. Mwana wamkulu, Sanaa, anasiya sukulu, akuchapa m'nyumba za anthu. A Fathiya atafunsa ngati mkonowo udzadzuka, mayi Nagat sanawabisire: mankhwala aletsa kugwa kwachiwiri, koma chogumuka chagumuka. A Hajji anabwera kudzazonda, nati zonse ndi zolembedwa kumwamba, ndipo mwina mnzawoyo ankachepetsa chidede.

Mwezi wotsatira a Fathiya anapita kuchipatala kukatengera amuna awo mankhwala. Pabenchi panali amayi ambiri a mumsewu wathu. Pakona panakhala munthu wina atadzikulunga nsalu kumutu mpaka mphuno, kunja kukutentha koti dzira lipse pamchenga.

Mayi Nagat anasuzumira pakhomo naitana mokweza: "A Hajji Mahrous, lowani. Amayi, tengerani chitsanzo pa bambo awa. Chiyambireni sanaphonyepo mwezi."

Nsalu ija inayankhula motsitsa kuti yangobwera kudzatengera alamu ake mankhwala.

"Ndiye mwabweranso ndi mkono wa alamu anuwo?" anafunsa namwino. "Pindani mkanjo ndikupimeni, monga mwa masiku onse."

Amayi anaphulika. Wina anagwa pabenchi, wina n'kuimba nthungululu ngati paukwati, wina n'kufunsa ngati khosi la ng'ombe lija nalonso ndi la alamu. A Hajji podzuka anaponda nsalu yawo, nduwira n'kugubuduka mpaka pamapazi a a Fathiya. Mayiwo okha ndi amene sanaseke. Anangoikankha ndi chala chaphazi kuti mwini wake awerame pamaso pa onse.

Phunziro: Wokuuza kuti taya mankhwala, yamba wamusecha m'thumba.