Dothi Louma

Atakumba kufika m'maondo, madzi anayamba kutumphuka. Okumba manda awiriwo anaima, makasu ali m'manja, n'kuyang'ana Mokhles, mwana woyamba wa malemu, amene anali atangotsika boti lochokera ku Dhaka. Nsapato zake zakuda zinali zitamira kale m'matope.

"Kapani madziwo," anatero Mokhles.

"Takapa katatu, Bhaiya," anayankha mmodzi, akumutchula achimwene m'chiyankhulo chathu. "Mwezi uno nthaka yonse ndi phala."

Bambo ake, a Motaleb Howlader, anamwalira dzulo lake masana. Anagwira usilikali wa pamadzi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo atapuma anabwerera pachilumba pathu pano kudzativutitsa. Ndikuti kutivutitsa chifukwa ndi mmene tinkanenera iwo akatembenuka. Wailesi ikangotchula namondwe, iwo anali atakweza kale mbendera, chimkuzamawu chili pakamwa, akutikusa m'nyumba zathu ngati nkhuku. Ndiwonso anatiunjikitsa chitunda chachitali pamunda wawo wa kum'mawa, kuti nyanja ikalowa m'mudzi ng'ombe ndi mbuzi zizithawirapo. Pepala sanalembe. Anangoti malowo ndi a ziweto za aliyense, basi.

Mokhles anabwerera kunyumba osapukuta n'komwe matope. Thupi linali litasambitsidwa, lili m'nsanda pansi pa tenti pabwalo, ndipo Shehe anali atanena kale kuti maliro aikidwa ikangotha swala, pemphero la masana. Kuseri kwa khitchini anapeza mlongo wake Dilruba, mphunzitsi wa pasukulu yathu, amene anadwazika bambo awo miyezi isanu ndi itatu.

"Abba tiwaika pachitunda," anatero Mokhles.

Dilruba anatula ketulo pansi. "Pachitunda cha ng'ombe?"

"Pamalo a bambo anga. Pouma ndi pokhapo pachilumba chonse chino."

"Bhaiya, inu mukudziwa, inenso ndikudziwa. Pakangokhala manda pamenepo, palibe adzakwezepo chiweto. Ndani angalole ndowe pamutu pa Abba? Mawa mudzati timange mpanda, mkuja mudzati malo ndi athu."

"Kodi si athu?"

"Ndiye nenani choncho. Musabisale kumbuyo kwa nsanda."

Mokhles anatsitsa mawu, pakuti azibambo pabwalo anali atasiya kuyankhula ndipo makutu onse anali kukhitchini. "Anthu awa anawadya Abba akali moyo. Penshoni yonse inathera pa nsungwi, zingwe ndi mabatire a anthu ena. Lero ukufuna ndiwagoneke m'chithaphwi kuti mbuzi ya munthu isanyowe?"

"Munabwera kangati akudwala? Kawiri?"

"Iwe unali kumsana nthawi ya namondwe wamkulu uja. Sudziwa kanthu."

Ndisamunamizire Mokhles: malowo ankawafunadi, koma si dyera lokha limene linkamuyankhulitsa. Tsiku la namondweyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ali padenga, atakumbatira mng'ono wake Liton. Bambo awo anali kutali, akugogoda zitseko za eni. Madzi anamulanda Liton m'manja, ndipo Mokhles anakula ndi mkwiyo umenewo mpaka imvi zinayamba kumuphuka.

"Mokhles, sendera kuno."

Anali mayi awo, a Jobeda, kuseri kwa katani ya chipinda chimene mkazi wamasiye amakhalamo. Chiyambire dzulo anali asananene liwu.

"Ndabwera, Amma."

"Liton ali kuti?"

"Kumanda kwathu, Amma."

"Pouma?"

Mokhles anayang'ana matope a pansapato zake.

"Chaka chilichonse mvula ikayamba, bambo ako ankapita kukaima pamenepo, madzi ali m'akakolo. Akabwerako sankadya. Iwe umati sankamva kanthu chifukwa sankayankhula. Anandiuza ine, osati kamodzi ayi: tsiku lija sindinali naye, mudzandigoneke pambali pake. Ndanena zimene anandisiyira. Khasu lili ndi inu amuna."

Mokhles anaimirira, nkhope itauma. "Mmodzi anandipulumuka n'kupita m'madzi, Amma. Wachiwiri sindimuikamo ndi manja anga."

Anatola khasu limene linali pakhoma n'kutuluka. Palibe anamugwira. Shehe anayang'ana wotchi yake, kenako kumwamba, kumene mitambo inali itayambanso kusonkhana. Ife tonse mitima inali m'mwamba, chifukwa mwana woyamba akangolasa khasu pachitundapo, nkhani yatha. Sungalimbane ndi munthu pa manda a bambo ake. Aliyense ankawerenga mumtima ng'ombe zake, ndipo ankachita manyazi kuti akuziwerenga pamaliro.

Njira ya kuchitunda imadutsa m'mphepete mwa manda. Pamenepo Mokhles anakumana ndi Kanon Bala, mayi wamasiye wachihindu wa kutsidya kwa ngalande, dengu lili pamutu. M'manda mwa Asilamu sakanalowa, choncho anatula dengulo m'malire. Munali dothi louma, lotuwa, lofumbuka.

Kwathu kuno, mvula ikakhazikika, dothi louma limapezeka malo amodzi okha: pansi pa nyumba ya munthu, pamaziko amene amakweza nyumbayo kuti madzi asalowe.

"Kaki, mwalitenga kuti limeneli?" anafunsa Mokhles, akumutchula azakhali monga timatchulira amayi achikulire.

"Pakhonde."

"Nyumba yanu ipendekeka."

"Ipendekeke. Imeneyi ndi yachitatu, ziwiri zinapita ndi madzi. Koma ng'ombe imene ndikukama lero ndi mdzukulu wa ija ndinayamba nayo, chifukwa cha chitunda chija." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu yake. "Ukwiriretu dzenje lonyowalo, mwananga, ukweze pamwamba pake kufika m'chiuno, ukumbe m'dothi louma. Kapena ku Dhaka sanakuphunzitse?"

"Dengu limodzi, Kaki? Pafunika madengu mazana awiri, ndipo masana ayandikira."

"Ine ndabweretsa langa."

Anatembenuka n'kumapita. Mokhles anamutsatira ndi maso, ndipo m'pamene anaona m'mphepete mwa ngalande anthu akubwera, wina ndi dengu, wina ndi beseni, wina ndi thumba la mpunga lodzaza theka. Nkhani ya kukhitchini ija inali itazungulira mudzi, monga zimachitira nkhani za kukhitchini. Sindinena kuti onse anabwera chifukwa cha chikondi. Ena anabwerera ng'ombe zawo. Koma aliyense anagumula pansi pa nyumba yake, ili nyengo ya namondwe.

Atafika pafupi sanaunjikane. Popanda wolamula, anaima mzere kuchokera pangalande kukafika pambali pa manda a Liton, aliyense akutambasula dzanja lamanja kukhudza phewa la mnzake, kenako n'kulitsitsa, monga anatiphunzitsira a Motaleb. Asodzi, opalasa njinga zonyamula anthu, wogulitsa tiyi wa padoko, onse anaima chilili ngati asilikali opanda yunifolomu. Madengu anayamba kuyenda dzanja ndi dzanja.

Mzerewo unadukira pamene panaima Mokhles. Anali akadagwira khasu, nkhope ili kuchitunda. Dengu linafika kwa nkhalamba ina, msodzi Gofur Majhi, n'kuima pamenepo, ndipo onse a kumbuyo anaimanso, akudikira.

Mokhles anagoneka khasu pansi. Gofur sanamupatse dengulo nthawi yomweyo. Anayamba watambasula dzanja lake, napeza kuti silikufika paphewa, ndiye anamukoka malaya kuti asendere phazi limodzi.

"Bambo ako sankalola mpata," anatero, n'kumuikira dengu m'manja.