Phiko Lakumanzere

Chinthu choyamba chimene apongozi anga, a Lyford Jere, anandiphunzitsa pa za ndege sikunali kuuluka ayi. Anandipatsa kabotolo koonekera mkati, kotalika ngati chala, n'kundiimika pansi pa phiko. Mafuta a ndege amakhala m'mapiko, thanki ina kumanja, ina kumanzere, ndipo kunsi kwa thanki iliyonse kuli kampopi. Usananyamuke umakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolomo n'kuyang'ana padzuwa. Ngati m'thanki mwalowa madzi, umawaona atadikha pansi pa mafutawo.

"Madzi sayaka, a Sakala," ankatero. "Injini ikawamwa imazima, ndipo kumwamba kulibe m'mbali mwa msewu poti muimepo. Mapiko onse awiri, ulendo uliwonse, olo mukhale mwachedwa ku maliro."

A Jere anayendetsa ndege za eni ake zaka makumi atatu. Atapuma anagula yawoyawo, kandege ka mipando iwiri, n'kulambula bwalo pakati pa chimanga ndi nshawa pa famu yawo kufupi ndi Chipangali. Ine ndine Stanley Sakala, mwana wa mphunzitsi wa ku Madzimoyo, ndipo ndinakwatira Molly, mwana wawo mmodzi yekhayo. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumuyankha, sumuyang'ana m'maso, ndipo akalakwitsa nyimbo m'tchalitchi umalakwitsa naye limodzi. Tsiku loyamba m'ndege ndinatuluka malaya ali chinyowere. Anthu ankayesa ndi mantha a kumwamba, chikhalirecho chinandivuta n'kukhala phewa ndi phewa ndi apongozi. Pansi, ndikakhala ndi mawu oti ndiwauze, ndinkauza Molly, iye n'kukawafikitsa. Zinthu zinkayenda choncho, ndipo aliyense ankandiyamikira.

Chaka chilichonse pa mwambo wa Ncwala a Jere ankakonda kuuluka cha ku Mtenguleni kukaona khamu la anthu ali m'mwamba. Chaka chimenecho mpando wachiwiri unali wanga, koma m'mawa wa tsikulo ananena kuti nthawi ino apite ndi mwana wawo. Molly anasangalala ngati kamtsikana. Anavala chitenje chake chatsopano cha Ncwala, n'kumandinena kuti nditsale ndizilondera nkhuku.

Sabata yonseyo mvula inali isanapume. Mphepo inasasula denga la shedi, ndipo ndege inagona panja masiku anayi. Chivindikiro cha thanki yakumanzere chinali ndi mphira wotha. Ndinkadziwa, chifukwa mwezi wapitawo ndinapezamo madzi ine ndemwe.

A Jere anayamba kuzungulira ndege monga mwa nthawi zonse, ine pambuyo pawo. Matayala, pulopela, oilo. Anakhetsa phiko lakumanja, nayang'ana padzuwa, nataya. Nthawi yomweyo galimoto ya abusa a Miti inalowa pa geti itadzaza akuluakulu a mpingo amene anaitanidwa kudzaona ndege ikunyamuka. Apongozi anandipatsira kabotolo kaja n'kupita kukalonjera alendo. Malonje a kwathu mukuwadziwa: ana, mvula, miyendo ya agogo, feteleza. Panadutsa mphindi makumi awiri.

Mungafunse kuti bwanji sindinakhetse ndekha nthawi imeneyo. Ndinali kunyamula mipando ya alendo, si ine mkamwini? Komanso ndinkati akabwera apitiriza pomwe anasiyira.

Sanapitirize. Anabwera akuseka ndi abusa, namenya phiko ndi chikhatho n'kunena mokweza kuti, "Zonse ndaona, kamwana aka kali bwino." Akuluakulu anaomba m'manja.

Kabotolo kanali m'dzanja langa. Kampopi kakumanzere kanali pamwamba pa mutu wanga penipeni, moti ndikanangokweza mkono. Koma kukweza mkonowo kunali kuuza abusa, madikoni ndi amayi a chigwirizano kuti a Jere, amene anauluka ine ndisanabadwe, aiwala. Ndinafunafuna Molly ndi maso kuti ndimunong'oneze. Anali atalowa kale, atamanga lamba, mahedifoni kumakutu, akundibayibitsa pagalasi.

Ndinasendera pafupi, ndinavula chipewa, ndinayang'ana pansi.

"Bambo," ndinatero, "koma mvula ya sabata ino inagwa yambiri."

"Yambiri zedi," anayankha. "Chimanga chaka chino tipha."

"Eya. Komanso ndegeyi inagona panja."

"Yasamba ndiye," anatero, alendo onse n'kuseka. Nanenso ndinaseka. Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi chimenecho, kuti ndinaseka.

Ndinadziuza kuti mwina madzi sanalowe. Ndinadziuza kuti munthu wa zaka makumi atatu m'mwamba angamve fungo la vuto. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuika kabotolo m'thumba la malaya.

Injini inalira bwinobwino. Ndege inathamanga pa udzu wonyowa, inadzuka, inapitirira mitengo ya bulugamu ya kumapeto kwa bwalo. Amayi a chigwirizano aja analulutira. Mtima wanga unayamba kutsika, ndipo ndinati ndine chitsiru chodandaula zopanda pake. Kenaka injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Sindinamvepo chete wotero. Tonse tinaona ndege ikupendekera kumanzere, apongozi akuyesa kubwerera ku bwalo, chinthu chimene ankandiletsa tsiku ndi tsiku. Inalowa kuseri kwa mitengo, ndipo tinamva kugunda kumodzi kokha.

Ndinathamanga m'chimanga, masamba akundicheka kumaso. Ndege inagwera mbali ya Molly. Ndinamumasula lamba, ndinamuitana maina ake onse, ngakhale lija la paubwana limene ankadana nalo. Chitenje chija chinali chisanachapidwepo n'kamodzi komwe.

Tinamuika Lachiwiri, atate ake ali chigonere m'chipatala m'tauni, msana wothyoka. Pa maliro abusa a Miti ananditchula. Anati m'masiku ano a achinyamata amwano, Mulungu anapatsa banja la a Jere mkamwini waulemu, woti sanamvekepo akukweza mawu pamaso pa apongozi ake. Anthu anavomera ndi mitu. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaimirira n'kuwalanda maikolofoni, koma ndinangokhala, manja pa maondo, monga ndinaphunzitsidwira.

Akatswiri ofufuza ngozi anabwera, anatsegula injini, napezamo madzi. Anandifunsa ngati ndegeyo inayenderedwa isananyamuke. Ndinati inayenderedwa. Silinali bodza lenileni, ndipo anthu ngati ine timakhalira m'mabodza osakhala enieniwo.

Patapita masabata atatu apongozi anayamba kulankhula bwino. Ndinkapita masana aliwonse kukawatembenuza ndi kuwamwetsa phala, popeza wina wowachitira zimenezi panalibe. Tsiku lina, nditawapukuta pakamwa, anandigwira dzanja. Chikwatirire mwana wawo anali asanandigwirepo.

"A Sakala, pali chinthu chikundisowetsa tulo. Ndikukumbuka phiko lakumanja. Ndikukumbuka galimoto ya abusa. Pakati apo palibe chimene ndikuona. Inu munali pambuyo panga. Kodi lakumanzere ndinakhetsa?"

Yankho laulemu linali kale pa lilime, lokonzeka ngati moni. Ndikanati munakhetsa, bambo, ndi chifuniro cha Mulungu, mkuluyo akanagona. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pa bulangete. Kenaka ndinawayang'ana m'maso, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi.

"Simunakhetse."

Anatseka maso. Atatsegula anafunsa motsitsa.

"Munaona?"

"Ndinaona."

"Nthawi yomweyo, tisananyamuke?"

"Nthawi yomweyo."

"Nanga munati chiyani?"

"Ndinati mvula inagwa yambiri."

Ndinadikira kuti anditukwane, anditemberere, aitane anamwino andithamangitse. Ndinkazifuna zimenezo ndi mtima wanga wonse.

"Eya," anatero. "Munaterodi. Ine n'kuyankha za chimanga."

Anasiya dzanja langa. Anafuna kutembenukira kukhoma, koma thupi linakana, moti ndinaimirira n'kuwatembenuza ine.