Kachizindikiro Komaliza ka Dalaivala

Mwamuna wake anali dalaivala wa mathiraki, wa zala zonenepa ngati nthochi, ndipo ankadana ndi kulemba uthenga pa foni kuposa kusintha tayala pamvula. Mayiyo anabadwa wosaona. Ankagwira ntchito yolandira mafoni pa kampani ina ya inshuwalansi, ndipo foni yake inali ndi pulogalamu yomuwerengera mokweza zonse zolembedwa.

Pulogalamuyo inali ndi malo oti munthu n'kuiuza mmene izitchulira chizindikiro chilichonse. Dalaivala atatulukira malowo, ulesi wake unapeza mankhwala. Anatenga foni ya mkazi wake n'kuiphunzitsa kuti ikakumana ndi chizindikiro chakuti, izinena chiganizo chakuti. Kuyambira pamenepo iye ankangodina kamodzi ali kumalire a dziko, ndipo kuno foni inkalankhula ndi mawu ake ouma aja: "Ndafika bwino, abwana."

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi mayiyo ankamva ziganizo zokhazokha. Sanafunsepo kuti kuseri kwake kunali zizindikiro zanji.

Uthenga womaliza unalowa Lachiwiri m'mawa foni ili m'dirowa, iye ali pakati pouza kasitomala kuti adikire pang'ono. Asanaumvere, lamya ya pantchito inalira, ndipo wapolisi anapempha kuti alankhule ndi mayi wolandira mafoni, osadziwa kuti akulankhula naye kale. Thiraki inali itagubuduzika pamtsetse.

Uthengawo sanautsegule. Ankati ukadali wosatsegula, ndiye kuti mwamuna wake sanamalize kulankhula. Anausunga miyezi isanu ndi itatu, mpaka tsiku lina foni inazima yokha, osayakanso.

Ndicho chake Loweruka masana anali atakhala pa benchi m'kashopu ka mlamu wake, mchemwali wa malemuyo, yemwe ankakonza mafoni. Munkanunkha waya wopserera.

"Mauthenga onse abwerera mu foni yatsopanoyi," anatero mlamuyo. "Koma zimene achimwene anaiphunzitsa zija zapita ndi yakale. Tamverani nokha."

Foni inatchula mayina a zizindikiro m'Chingerezi, limodzi limodzi, ngati ikuitana mayina m'kalasi.

"Munthu ameneyu!" anatero mlamuyo. "Ndiye zaka zonsezi ankakufunsirani ndi hashi, kachizindikiro ka timizere topingasana kaja?"

"Inu akulemberanipo ndani, ngakhale hashi yomweyo?"

Mlamu anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anakoka mpando, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi maola a mauthenga, mayiyo akukumbukira. Kanyenyezi kankabwera madzulo a tsiku lililonse lonyamuka: kameneko kanali "Ndafika bwino, abwana." Hashi inkabwera masana: "Ndadya, musadandaule." Kamtanda kanachuluka m'chaka chimene thiraki inkavuta injini. Peresenti inawavutitsa, chifukwa inkabwera popanda dongosolo, nthawi zina katatu pa ola limodzi, mpaka mayiyo anamwetulira yekha.

"Lembani kuti, 'Ndakusowani, koma musanyade.'"

Mlamu analemba. Ankalowetsa chiganizo chilichonse pamalo pake, n'kuyesa, ndipo pang'onopang'ono dalaivala anayambanso kulankhula m'kashopumo. Kasitomala wina amene anabwera ndi foni yosweka galasi anauzidwa kuti abwere Lolemba.

Unatsala uthenga wa Lachiwiri uja.

"Nditsegule?"

Mayiyo anagwira ndodo yake ndi manja onse awiri. "Tsegulani."

Foni inatchula liwu limodzi lachilendo n'kukhala chete. Mlamu anafufuza m'mauthenga onse, kuyambira woyamba. Chizindikirocho sichinalipo pena paliponse.

"Ndi kotani?"

"Kopindikapindika. Ngati munthu wakhala pansi atapinda miyendo. Tabweretsani dzanja."

Anamujambulira pachikhatho ndi nsonga ya sikuludiraiva, mosamala: kukwera, kuzungulira, kutsika modutsana, kamchira.

"Alamu, ine ndinene zoona," anatero mlamuyo. "Pamabatani a foni kali pafupi ndi kanyenyezi. Zala za achimwene mukuzidziwa. Chinangoterereka chala, ankafuna kunena kuti afika bwino."

"Teni koloko m'mawa? Ulendo wa masiku awiri?"

"Mwina anafika pena pake."

Mayiyo anapukusa mutu. M'mawa wa Lachiwiri lija, iye akusita bulauzi, mwamuna wake anapempha foniyo, akuti aone nthawi, chonsecho wotchi ili pamkono. Anakhala nayo mpaka tiyi kuzizira, akuseka chamumtima monga ankachitira akamakonza zoti amudabwitse. Ankaiphunzitsa chiganizo chatsopano. Chinali chachitali, poti anachedwa nacho. Ndipo chinamudikira m'dirowa, kenako m'chikwama, miyezi isanu ndi itatu.

"Foni yakale ija, palibedi chimene mungachite?"

"Ndayesa katatu. Yapsa m'kati."

Panja wina ankayesa sipika, kuyatsa ndi kuzimitsa.

"Malo ake ndi awa, ali opanda kanthu," anatero mlamu motsitsa mawu. "Nenani chilichonse, ndilemba. Mumawadziwa kuposa tonsefe."

Mayiyo anayesa m'mutu mwake ziganizo zitatu, zinayi. Zonse zinali zokoma, ndipo zonse zinali zake, osati za mwamuna wake. Munthu uja akanaikamo kenakake kopusa kamene iye sakanakaganizira.

"Musalembe kanthu."

"Izingotchula Chingerezi chomwechi?"

"Izingotchula." Anatambasulanso chikhatho pa tebulo, pakati pa timasikuluwu. "Tajambulaninso, alamu. Pang'onopang'ono. Pozungulira paja pandisokoneza."